Momwe mungapangire mafupa achitsulo a chidole cha stop-motion

Kanema wa stop-motion amajambulidwa chithunzi chimodzichimodzi. Sekondi imodzi imadya zithunzi 24, kapena 12 ngati chilichonse chizioneka kawiri, ndipo musanajambule chotsatira mumagwira chidole n'kuchisuntha pang'ono. Mkono ukangotsika wokha mutausiya, ntchito ya tsiku lonse yapita m'madzi. Choncho mafupa a m'kati mwa chidole, amene akatswiri amawatcha armature, ayenera kuyenda mukawakankha ndi kuima nji pamene mwawasiya.

Waya wa aluminiyamu wopota amagwira ntchitoyi, koma akapindidwa kambirimbiri pamalo amodzi amathyoka. Mfundo za timipira tachitsulo zimakhalitsa, ndipo zikakhwefuka mumangozimanganso. Miyeso ili m'munsiyi ndi ya chidole chotalika masentimita 25 mpaka 30.

Yambani ndi pepala. Jambulani chidolecho pa msinkhu wake weniweni, chakumaso ndi cham'mbali, kenako ikani kadontho pamene padzakhale mfundo: khosi, mapewa, zigongono, manja, msana, chiuno, mawondo ndi akakolo. Chitsulo chilichonse chikwane m'kati mwa mzere wa thupi, n'kutsalako mamilimita atatu kapena anayi a siponji ndi khungu. Ambiri amalakwitsa pa mapewa: amawatalikitsa, chidole n'kutuluka chotambalala pachifuwa.

Mfundo imodzi imafuna timipira tiwiri ta mamilimita 6, tizitsulo tiwiri taphanthi totalika mamilimita 20, mulifupi 8, kuchindikala 3, ndi kabawuti ka M3, kutanthauza konenepa mamilimita 3. Timipirato timapanidwa pakati pa tizitsuloto, kabawuti n'kudutsa pakatikati.

Apa ndiye pofunika kudekha. Panani tizitsulo tiwirito pamodzi mu vayisi, chida chopanira zitsulo, n'kutiboola nthawi imodzi kuti mabowo ayang'anizane. Mabowo okhalamo timipira akhale a mamilimita 4, otalikirana mamilimita 13. Bowo likakula kwambiri, tizitsulo timayandikana mpaka kutsekereza ndodo yolowa m'kampira, mwendo osapinda mokwanira. Likachepa, kampira kamapulumuka. Bowo lapakati boolani la mamilimita 2.5, mulekanitse tizitsuloto, kamodzi mudulemo mazinga a M3, kenako mukulitse bowo la kanzake kufika 3.2 kuti kabawuti kazidutsa momasuka. Mukadula mazinga mbali zonse ziwiri, kabawuti kadzalimba koma timipira sitidzapanika. Milomo ya mabowo isalazeni ndi sandipepa, apo ayi imakanda kampira ndipo mfundo imayenda modumphadumpha.

Timipira ta m'mabeyaringi ndi tolimba zedi, sitibooleka mpaka mutatitentha kufikira tafiira n'kutisiya tizizire pang'onopang'ono. Ngati mungapeze toboolaboola kale, tengani timeneto. Lowetsani ndodo ya mamilimita 3 m'kampira n'kuwotcherera ndi silver solder (chowotcherera cholimba chokhala ndi siliva), mutapaka flux (mankhwala othandiza kuti solder igwire). Mtovu wowotcherera mawaya a wailesi suthandiza pano, umathyoka. Solder ikadonthera pa kampira, ipaleni yonse, chifukwa kachiphuphu kakang'ono kokha kamaumitsa mfundo.

Chifuwa ndi chiuno pangani ndi tizidutswa tachitsulo tochindikala, n'kuwotchererapo ndodo za mapewa, msana ndi miyendo. Pachiuno chakumbuyo siyani bowo lamazinga, lomangirapo chogwirira chidole pamene chikudumpha. Bondo ndi chigongono zimavuta mukaziika timipira tiwiri toyenda: zimapindikira kulikonse, ngakhale kumene munthu sapinda. Wotchererani kampira kamodzi kuti kasayende, kapena ikanipo mfundo yopindira mbali imodzi.

Zala zikhale za waya woonda, ndipo dziwani kuti zidzathyoka ndithu. Ndiye manja ndi mutu muzilumikize ndi timapaipi ta mkuwa tamakona anayi tolowetsana, kuti muzingosolola n'kuika zina.

Phazi lililonse likhale ndi nati ya M3 kapena M4 yowotchereredwa kutsogolo kwake. Bawuti imachokera kunsi kwa tebulo, kudzera pa bowo, n'kumanga phazilo. Popanda chogwira phazi pa tebulo, chidole sichingayende.

Pomanga mfundo, musazilimbitse mofanana. Akakolo ndiwo amanyamula thupi lonse, choncho alimbe koposa. Mawondo ndi chiuno zitsatire, kenako msana ndi mapewa, pomwe khosi ndi manja zikhale zofewerapo. Yesani motere: mangani phazi limodzi, linalo likhale m'mwamba, mupendeketse thupi kutsogolo, mulisiye mphindi khumi. Likawerama, vuto lili pa kakolo. Kenako pindani dzanja lokha. Phewa likatsatira, ndiye kuti dzanjalo lalimba kuposa phewa. Mfundo imene kampira kamodzi kalimba kena n'kumagwedera, nthawi zambiri bowo lapakati silili pakatikati penipeni, ndipo n'kwabwino kungodula tizitsulo tatsopano.

Pokuta mafupawa ndi siponji, siyani kampata pa kabawuti kalikonse kuti allen key, kachida komangira tibawutito, izilowa, poti mfundo zimakhwefuka ntchito ili m'kati. Ngati khungu ndi la latex, mtundu wa labala, yambani mwakulunga timapaipi ta mkuwa tija ndi tepi kapena kutipaka utoto, chifukwa mkuwa umaoletsa latex msanga.