Momwe mungakonzere ulendo wa pa boti wopita kuzilumba za ku Cape Maclear

Anthu ambiri akafika ku Cape Maclear amangothera pagombe la Chembe. Amajambulitsa, kunyowetsa mapazi, kumwa zoziziritsa kukhosi pa loji, kenako n'kubwerera ku Lilongwe kapena ku Blantyre akunena kuti nyanja aiona. Zilumba zija amangoziloza ndi chala. Chonsecho kukoma kwa malowa kuli komweko, ku Thumbi, ku Domwe ndi kumiyala ya Otter Point, kumene madzi ndi oyera moti nsomba umaziona pansi uli m'boti. Ulendo wake ndi wa tsiku limodzi, ndipo mukakhala gulu losonkherana sufuna ndalama zoopsa. Ine ndimaukonza motere.

Yambani ndi kusankha mwezi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumakhala mwera, mphepo yozizira yochokera kummwera, ndipo ikalusa ngakhale asodzi amakhala kumtunda. Nthawi yabwino ndi Seputembala mpaka Novembala: nyanja imagona, madzi amafunda, kumwamba kuli mbee. M'dzinja mutha kupitabe, koma mvula ndi mpoto zimabwera mosalonjera. Pa Khirisimasi ndi pa Isitala mitengo ya chilichonse imakwera, kuyambira chipinda mpaka chambo, ndiye ngati thumba ndi lopepuka pewani masiku amenewo.

Za kafikidwe sindichulukitsa. Ochokera ku Lilongwe mutsikira ku Khwekhwelere mpaka Golomoti, a ku Blantyre mudzera ku Liwonde ndi Mangochi, nonse mukumana pa msewu wa Monkey Bay. Mutatsala pang'ono kulowa m'tauniyo pali mphambano yokhotera kumanzere, ndipo kuchokera pamenepo ndi makilomita pafupifupi 18. Opanda galimoto, a kabaza wa njinga zamoto amadikira pomwepo. Fikani dzulo lake, mugone komweko, ndalama mutatapiratu kutauni. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza, koma msodzi m'mawa amafuna ndalama m'manja.

Kumbukiraninso kuti zilumbazi zili m'paki. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamitundumitundu tokhala m'miyala. Choncho pali ndalama yolowera. Mmalawi amalipira yochepa kusiyana ndi mlendo wakunja, ndiye chiphaso cha unzika chisatsale m'chikwama ku loji. Lisiti mulandire n'kulisunga. Wina akakuuzani kuti "za paki tipanga tokha, ingowonjezerani pang'ono", mufunseni kuti lisiti mulandira liti.

Tsopano tifike pa boti, pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa ulendo wonse umakoma kapena kuwonongeka pagombe, musanaponde n'komwe m'madzi.

Ulendo wina tinapita ndi anzanga a kuntchito pamodzi ndi mabanja awo. Tikungotsika galimoto, anatipeza mnyamata waulemu wake, wodziwa kuyankhula, natiuza kuti boti ali nalo, nsomba agula yekha, mafuta agula yekha, ife tingodzuka n'kukwera. Mtengo wake unali wotsika kuposa wa pa loji. Tinamupatsa ndalama zonse madzulo omwewo. Kutacha anabwera mochedwa, ali ndi bambo wina wachikulire amene anali mwini boti weniweni. Mnyamata uja sanakwere nawo, akuti akubwera pa ulendo wachiwiri ndi zakumwa. Ife osadziwa kuti bambo aja anangopatsidwa kachigawo chabe ka ndalama zathu, ndipo mafuta anagula a ndalama yomweyo.

Kupita ku Thumbi kunalibe vuto. Tinasambira, tinadya. Masana tinawapempha kuti tizungulire kuseri kwa chilumba tikaone nkhwazi, iwo anazengereza pang'ono koma anavomera, mwina poopa kutikhumudwitsa. Tili kuseriko injini inatsokomola, n'kuzima. Anakoka chingwe, anakokanso, zii. Atatsegula thanki munali mouma.

Apa mumve bwino za malo aja. Gombe la Chembe linayang'ana chakumpoto, ndipo mapiri ali kumbuyo kwake amalitchinga ku mwera. Ukaima pamchenga umaona ngati nyanja yonse ili bata. Koma ukangotuluka kuseri kwa zilumba, mphepo ija imakupeza, ndipo sikukankhira kumtunda ayi, imakukankhira kunyanja yaikulu. Ndi zomwe zinatichitikira. Nkhafi munalibe. Nangula anali mwala womangidwa ku chingwe chachifupi chosafika pansi. Ma life jacket analipo ochepa, tinaveka ana, akulufe tinangogwira m'mphepete mwa boti uku mafunde akulowa. Mayi wina anayamba kwaya yekha. Chilumba chinkachepa tikuchiona. Anatipulumutsa ndi asodzi amene ankatuluka kupita ku kauni, usodzi wa usiku wa nyali, dzuwa litapendeka. Anatimangirira ku boti lawo n'kutikokera kugombe, ndipo tinawalipira mafuta awo ndi nthawi yawo, monga zinayenera. Mnyamata waulemu uja foni yake inali yozima mpaka tinachoka.

Ndiye chitani izi. Kambiranani ndi mwini boti kapena woliyendetsa, maso ndi maso, boti lake mukuliona. Madobadoba ali ponseponse, si ku maofesi a m'tauni kokha. Njira yachidule ndi kufunsa pa loji pamene mwagona kuti akulumikizeni ndi munthu amene amagwira naye ntchito nthawi zonse. Mtengo umakwerako pang'ono, koma zikavuta muli ndi pokadandaula. M'mudzimo muli otsogolera alendo okhulupirika ambiri, obadwira pomwepo, odziwa mwala uliwonse. Sindikunena kuti aliyense wokulonjerani pagombe ndi wakuba. Ndikungoti amene akukana kukuonetsani boti, mutsanzikeni mwaulemu.

Pokambirana mtengo tchulani malo onse amene mukufuna kufika, limodzi ndi limodzi. "Kuzilumba" si malo. Thumbi ali pafupi, mukumuona muli pagombe. Domwe ndi wamkulu, ali chakumanja mukayang'ana kunyanja, ndipo analekana ndi mtunda ndi kampata kotchedwa Ilala Gap. Mumbo ali kutali, makilomita pafupifupi 10, ndipo mafuta ake ndi nkhani ina. Mukagwirizana za Thumbi yekha, musadzapemphe za Domwe muli pakati pa madzi. Gwirizananinso ngati mtengowo ndi wa boti lonse kapena wa munthu mmodzi, komanso ngati chakudya, magalasi osambirira ndi ndalama ya paki zili momwemo. Mitengo sindilemba pano. Chichokereni kugwa kwa kwacha kwa Novembala 2023, mtengo ukaulemba lero mawa wasanduka bodza. Funsani anthu angapo, muona pamene mitengo ikuzungulira, ndipo amene watsika kwambiri kuposa anzake ndiye wofunika kumuopa.

Musalipire zonse. Perekani ya mafuta, yotsala podzatsika. Ndipo mafutawo muwaone ndi maso. M'mawa uzani woyendetsa atsegule thanki, muone, mufunsenso chigubu chapadera chosungira. Ena amakhumudwa, ena amaseka, koma palibe amene anandikanizapo. Nthawi imene mafuta akusowa m'dziko, ambiri amagula kwa mavenda, ndipo ena mwa mafuta amenewo amakhala osakaniza ndi parafini kapena madzi. Ngati mwabwera pa galimoto ndipo mwapeza petulo wabwino m'njira, kambiranani kuti mafuta mubweretsa nokha, iye achotsere pa mtengo. Oilo wosakaniza musiyireni mwini injini, amadziwa muyeso wake.

Kenako werengani ma life jacket, muwerengenso anthu. Zifanane. Ayeseni, chifukwa ena zingwe zinaduka kalekale, ndipo ya munthu wamkulu mwana amavulikamo akangolowa m'madzi. Yang'anani nkhafi, zosachepera ziwiri, nangula wa chingwe chachitali, ndi chotungira madzi olowa m'boti. Nambala ya pa loji ikhale m'foni, foniyo ili yodzaza moto, m'pulasitiki. Uzani wina wotsala kumtunda nthawi imene mukuyembekezeka kubwerera. Boti likhale ndi denga, apo ayi dzuwa la Okutobala likuphikani musanafike n'komwe. Mwini boti akanena kuti lero nyanja sili bwino, musamukakamize poti mwachokera kutali. Iye ndiye amaidziwa.

Za chakudya tsopano. Nsomba gulani nokha m'mamawa asodzi akamakocheza, mupite ndi woyendetsa boti uja kuti asakuoneni ulendo pankhope. Aliyense amathamangira chambo, koma chambo chinachepa m'nyanjamu ndipo mtengo wake umaluma. M'miyezi ya Novembala ndi Disembala, pamene chimaswana, usodzi wake umatsekedwa, ndiye wokugulitsani chambo chachiwisi nthawi imeneyo mudziwe kumene wachitenga. Ine ndimakonda kampango: alibe minga yambiri, ali ndi mafuta ake, ndipo pamoto sauma msanga. Mcheni nayenso amakoma powotcha. Yang'anani maso a nsomba ngati ali owala, mutsegule m'makha muone kufiira. Yofewa pamimba isiyeni ngakhale akutsitsireni.

Zina zonse mukuzidziwa: mchere, mandimu, tomato, anyezi, kambuzi, ufa kapena mpunga. Oyendetsa maboti ambiri ndi akatswiri pophika, nsima amaikonza pamiyala pomwepo inu mukusambira. Makala tengani kumtunda pamodzi ndi mbaula, chifukwa kuthyola nkhuni pachilumba n'kulakwira malamulo a paki. Chimodzimodzi kuwedza: mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa zilumbazi ndi madzi otetezedwa, mbedza isiyeni kunyumba. Madzi akumwa tengani ambiri kuposa momwe mukuganizira. Mowa usungeni mpaka anthu atamaliza kusambira. Pamenepa sindiseka.

Nyamukani m'mawa nyanja isanadzuke. Ine ndimayambira ku Otter Point, chifukwa ndi pafupi ndipo amantha amazolowera madzi pamalo osaya. Chakumtunda kwake kuli manda a amishoni a Livingstonia, amene anakhazikika kuno mu 1875 asanasamukire ku Bandawe mu 1881 malungo atawavutitsa. Ngati muli ndi ana a sukulu, ndi pabwino kuwaonetsa tsiku lina wapansi. Akatumbu (otter pa Chingerezi) amene anapatsa malowa dzina amaoneka mwa mwayi, musawalipirire padera.

Kuchoka apo lunjikani ku Thumbi, ndipo nthawi yanu yambiri ithere kumeneko. Valani magalasi, chipaipi chopumira pakamwa, mugone chafufumimba pamadzi pafupi ndi miyala. Mbuna zimabwera zokha, zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zina mpaka kukujomphani zala. Chodabwitsa chake n'chakuti nsombazi sizikonda kuchoka pamiyala yawo kudutsa pamchenga kapena pakuya, choncho mitundu ina imapezeka pa chilumba chimodzi chokha, osapezekanso kwina kulikonse pa dziko. Mukaona ina itatupa masaya, ndi yaikazi yasunga mazira kapena ana mkamwa. Otsogolera ena amaziponyera buledi kuti ziunjikane alendo ajambule. Ine sindikonda zimenezo, nsomba zake n'zambiri kale popanda nyambo.

Magalasi obwereka ayeseni muli kumtunda: aikeni kumaso osamanga lamba, mukoke mpweya ndi mphuno. Akagwa, alowetsa madzi, sinthani. Osadziwa kusambira asavule life jacket ngakhale anzawo awaseke, chifukwa pamiyala paja umaponda pofika m'chiuno, kusuntha phazi limodzi wapezeka pakuya. Miyala yake ndi yoterera, ndipo masana imatentha ngati chiwaya. Osadumpha chamutu pamalo pamene simunaone pansi pake.

Mukadya, woyendetsa atenge tinsomba tingapo mupite kukaona nkhwazi. Amaimba mluzu, n'kuponya nsomba pamadzi, nkhwazi n'kutsika pamtengo kudzaitola. Foni ikhale yokonzeka, sizichedwa. Ngati munagwirizana za Domwe, pitani mukadutse pa Ilala Gap n'kubwerera. Zinyalala zonse, mabotolo ndi majumbo, zibwerere nanu m'boti.

Ikamakwana 3 koloko muzikhala mukubwerera, mphepo ya madzulo isanayambe. Mukatsika lipirani yotsala ija, muwonjezerepo kangachepe ngati akusamalirani bwino, nambala yake musunge.

Chotsala ndi likodzo. Kumbali ino ya nyanja lilipo, makamaka m'madzi osaya a pafupi ndi mudzi, kumene kuli nkhono. Mankhwala ake ndi praziquantel, koma kumwa tsiku lomwelo n'kutaya ndalama, chifukwa sagwira bwino tizilombo tisanakhwime. Dikirani papite miyezi iwiri, mupite kuchipatala akakuyezeni, ndipo akupatsani molingana ndi kulemera kwa thupi lanu. Mapilitsi ogulitsa m'manja pagombe asiyeni.