Kupita ku shoo uli pa chikuku: zomwe ndimachita ndisanatuluke pakhomo

Ine nyimbo za bandi ndimazikonda, zija zoimba pompo, bezi ikugunda mpaka m'chifuwa. Chikhalireni pa chikuku sindinasiye kuyenda usiku, koma ulendo wanga wa ku shoo umayamba masana, foni ili m'manja. Anzanga a ndodo ndi a chikuku amandifunsa kuti iwe umatha bwanji, nde ndati ndingolemba.

Imbani kaye foni ku malowo kapena kwa okonza shoo, nambala imakhala pa posita. Koma osafunsa kuti "kodi malo anu ndi abwino kwa munthu waulumali?" chifukwa aliyense amayankha kuti eya bwerani bwana palibe vuto, ndipo sikuti akunama, kungoti iye amadumpha sitepe ija tsiku ndi tsiku mpaka anaiwala zoti ilipo. Funsani zoti awerenge. Pa geti pali masitepe angati? Kuchoka poimika galimoto kukafika pomwe pali siteji pansi pake ndi simenti, miyala ya kwale kapena kapinga? Kenako apempheni akujambulireni khomo lolowera ndi khomo la ku toileti atumize pa WhatsApp. Ambiri amatumiza mukawapempha mwaulemu.

Chikuku chanu muchiyeze ndi tepi kamodzi mulembe mufoni. Zambiri za akuluakulu zimakhala pakati pa masentimita 60 ndi 70 m'lifupi, nde khomo loti mulowe bwinobwino osasupula zala liyenera kufika 80 kapena kuposa. Makomo a kutsogolo nthawi zambiri amakwana. Vuto ndi kuseri.

Pa toileti pano ndichedwapo, chifukwa ndi pomwe usiku umakoma kapena kufera. Tsiku lina ku Lilongwe ndinapita malo ena, pa geti rampu yabwino (kanjira kotsetsereka kokwerapo chikuku m'malo mwa masitepe), baunsa anandilandira bwino, ndinakhala pabwino ndithu nyama yootcha ili patebulo. Itakwana cha m'ma 10 ndinafuna kukataya madzi. Njira yake inali kankhwawa kuseri kwa kauntala, makireti ataunjika mbali imodzi, kenako ngalande yosatseka, kenako masitepe atatu, kakhomo kake ngati ka bafa la m'mudzi. Ndinaima pamenepo anthu akundidutsa. Ndinabwerera kunyumba oimba amene ndinalipirira asanakwere ndi pa siteji pomwe, ndipo zinandiwawa masiku angapo. Kuyambira tsikulo ndikangolowa, ndisanagule chilichonse, ndimapita kaye kukaiona toileti ndi maso anga. Ndimaona ngati chitseko chimatsekukira panja kapena m'kati (cholowera m'kati chimadya malo, mukalowa simungatseke), ngati ili yokhalira kapena yonjuta, ngati pali pogwira. Kuti chikuku chitembenuke bwino pamafunika malo a mita imodzi ndi theka. Ngati ya makasitomala ndi yosatheka funsani manijala, nthawi zina ya ogwira ntchito kapena ya kumbali ya lesitilanti imakhala pansi popanda sitepe, ndipo pa malo a hotela mutha kupempha ya ku risepishoni.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempheni, musamadzimane madzi tsiku lonse kuti musafune toileti usiku. Ndikudziwa ambiri timachita. Kwa ife ovulala msana chizolowezi chimenechi chimaitana matenda a chikhodzodzo, ndipo palibe shoo yoti munthu ukagonere kuchipatala.

Rampu nayo si iliyonse. Muyezo wake ndi woti pa sentimita imodzi yokwera pakhale 12 zotalika, kutanthauza kuti sitepe imodzi ya masentimita 15 imafuna rampu ya mita imodzi ndi masentimita 80. Zambiri za m'mabala athuwa anazimangira wilibala ya makireti, n'zifupi komanso zoimirira. Yotereyo musatsike nokha choyang'ana kutsogolo, mupendama. Tsikani chambuyo munthu atakugwirani.

Nkhani yonyamulidwa. Pa bala anthu ofuna kuthandiza sasowa, koma ena amakhala atalawa kale, amangobwera anayi aliyense n'kugwira pomwe wafuna. Apa lankhulani mokweza ndithu, thupi ndi lanu. Sankhani awiri amene sanaledzere, wina kumbuyo agwire zogwirira apendeketse chikuku chiime pa matayala aakulu, wina kutsogolo agwire chitsulo chenicheni cha chikuku, osati popondera mapazi kapena poika mikono chifukwa zimenezo zimazuka. Sitepe imodzi imodzi, inu ndi amene muziwerenga. Ine ndimangoti "achimwene dikirani kaye, gwirani apa", ndipo amamva. Ngati simukufuna kunyamulidwa nenaninso, si mwano.

Fikani msanga ngakhale tonse tikudziwa kuti shoo yolembedwa 7 koloko imayamba mochedwa. Kufika anthu asanadzaze kumakupatsani mpata wosankha malo. Ine ndimakhala chakutsogolo koma cham'mbali, khoma kapena mpanda uli kumbuyo kwanga kuti asamanditsamire, osati pafupi kwambiri ndi masipika, komanso poti njira yotulukira ndikuiona. Pakati ayi, bandi ikangoyamba aliyense amaimirira, inu muzingoona misana, ndudu ndi mabotolo zili mulingo wa nkhope yanu. Baunsa mulonjereni polowa mumuuze pomwe mukhale, amathandiza kutsegula njira. Makauntala ambiri ndi aatali, nde gwirizanani ndi weyitala mmodzi azikubweretserani patebulo.

A ndodo, mdani wanu ndi matailosi onyowa ndi mowa wotayika. Onani mphira za kunsi kwa ndodo musananyamuke, zikatha sinthani, ndipo pemphani mpando wokhala ndi pomwe mungatsamire osati situlu zitalizitali zija. A chikuku cha matayala ampweya tengani pampu ndi zomatira, magalasi a mabotolo osweka ali ponseponse. Foni ikhale ndi moto chifukwa magetsi akazima jenereta isanalire tochi ndi imene imakuonetsani ngalande.

Mashoo a kunyanja, ku Salima kapena ku Mangochi, vuto lake ndi mchenga, timatayala takutsogolo timangomira. Funsani ngati pali mbali ya kapinga kapena simenti yoti n'kuona siteji, ndipo pa mchenga akukokeni chambuyo. Nthawi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo, malo a panja ambiri amasanduka matope, pamenepo bola malo a holo.

Zobwerera konzeranitu. Minibasi usiku kulibe, kabaza wa njinga yamoto sanganyamule inu ndi chikuku. Ine ndili ndi madalaivala awiri a Sienta amene ndimawadziwa, chikuku chopinda chimalowa kumbuyo popanda kulimbana, timagwirizana mtengo ndi nthawi masana omwewo ndipo ndimatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba. Awiri chifukwa mmodzi foni imatha kuzima.

Malo akakuvutani musangowasiya chete. Bwererani pakati pa sabata masana, kulibe phokoso, mukapeze mwini wake. Simukupempha chifundo. Lamulo la za anthu aulumali la 2012 linanena kale za kufikirika kwa malo omwe anthu onse amapitako, mu 2024 kunabweranso latsopano lomwe linakhazikitsa MACODA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, m'malo mwa MACOHA, ndipo FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, ilipo ngati mukufuna woyenda naye. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 aliwonse a zaka zisanu kupita m'mwamba ali ndi ulumali, ndipo ife sitibwera tokha, timabwera ndi anzathu atatu anayi onse ogula. Muonetseni ndi chala, apa matumba awiri atatu a simenti, pa ngalande apa chivindikiro, chitseko ichi chitembenuzeni chizitsekukira panja, makireti awa achoke m'njira. Tengani tepi yanu ija muyezere limodzi, ndipo mumusiyire nambala kuti mmisiri akabwera akuitaneni muyese rampuyo simenti isanathiridwe.