Momwe mungagwiritsire ntchito makina a ultrasound mosamala pa nthawi ya mliri wa matenda a m'mapapo

Bungwe la WHO litalengeza pa 11 Marichi 2020 kuti COVID-19 yasanduka mliri wa padziko lonse, madotolo ambiri, makamaka ku Italy, anayamba kuunika mapapo a odwala ndi makina a ultrasound, ojambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso, pabedi pomwepo m'malo mowatengera kuchipinda cha CT sikani. Makinawa alibe cheza choopsa ngati cha X-ray, koma wojambula amayandikana kwambiri ndi wodwala kwa mphindi zingapo, ndipo apa ndi pamene pagona ngozi.

Choyamba, dzifunseni ngati sikaniyo ikufunikadi lero. Imene ingathe kudikira idikire, koma mayi woyembekezera amene akutaya magazi, kapena wodwala amene akubanika, sangauzidwe kuti adzabwere mliri ukadzatha.

Musanalowe m'chipinda cha wodwala, chotsani pamakina chilichonse chimene simuchigwiritsa ntchito, monga ma probe ena (probe ndi kachipangizo kamene mumagunditsa pathupi la wodwala pojambula) ndi mapepala, chifukwa chinthu chilichonse cholowa m'menemo chidzafunika kutsukidwa potuluka. Tengani jelo wopaka pakhungu pojambula wa m'timapaketi togwiritsa ntchito kamodzi, osati botolo lalikulu loyenda nalo bedi ndi bedi. Sambani m'manja ndi sopo kwa masekondi 20, kenako valani gawuni, masiki, zoteteza maso ndi magolovesi. Ngati wodwala akuikidwa chubu chopumira kapena akuyamwidwa makhololo ndi makina, masiki wanu akhale wa N95 kapena FFP2, mitundu imene imasefa mpweya kwambiri. Wodwala nayenso avale masiki ngati akutha kupuma nayo.

Pojambula mapapo, ambiri amasankha probe ya convex, ya mutu wopindika ngati uta, ndipo amagawa chifuwa m'zigawo 12, zigawo 6 mbali iliyonse, kutsogolo, m'mbali ndi kumsana. Musanyalanyaze kumsana chakumunsi, pakuti chibayo cha COVID-19 chimakonda kuonekera kumeneko, komanso mukaima kumbuyo kwa wodwala mumatalikirana ndi mpweya umene akutulutsa. Ikani probe pakati pa nthiti, pezani mzere wowala wa nembanemba yokuta mapapo, ndipo onetsetsani ngati ukutsetsereka iye akamapuma. Mizere yopingasa, yotchedwa A-lines, imaoneka pamene mapapo ali ndi mpweya wokwanira. Mizere yotsika kuchokera pa nembanembayo mpaka pansi pa chithunzi ndi B-lines, ndipo ikakwana 3 kapena kuposerapo pampata umodzi wa nthiti, ndiye kuti m'mapapo muli madzi kapena kutupa. Mphamvu ya makina, imene imaoneka pasikirini pa nambala zotchedwa MI ndi TI, ikhale yotsika mmene zingathekere, ndipo mukapeza yankho la funso limene munabwerera, sungani zithunzi n'kusiya. Kuyeza ndi kulemba lipoti mukachitira kunja.

Apa m'pofunika kusadzinamiza. B-lines zimaonekanso mwa munthu amene mtima wake ukulephera kupopa bwino magazi, choncho sikani siingatsimikize kuti wodwala ali ndi kachilombo. Ntchito imeneyo ndi ya kuyeza kwa PCR, kumene kumafufuza kachilomboko ku labotale. Komanso mpweya umatchinga mafunde a makinawa, moti vuto lobisika mkatikati mwa mapapo, losafika pa nembanemba, silioneka.

Mukamaliza, yambani mwapukuta jelo yense, chifukwa mankhwala ophera tizilombo sagwira bwino ntchito pamwamba pa jelo. Kenako pukutani probe, chingwe chake, mabatani, sikirini ndi zogwirira ndi mankhwala amene kampani yopanga makinawo inavomereza, popeza ena, kuphatikizapo sipiriti, amawononga ma probe a mitundu ina. Probe yolowa m'thupi, ngati ya m'njira ya abambo, imavekedwa chikuto pojambula ndipo imafuna mankhwala amphamvu kwambiri pambuyo pake. Malo opukutidwawo akhale onyowa kwa nthawi yonse yolembedwa pabotolo la mankhwalawo, ngakhale mzere wa odwala utatalika bwanji. Pomaliza vulani magolovesi ndi gawuni, sambani m'manja, ndipo masiki muvule mutatuluka kale m'chipindamo.