Amene mukupita kukaphunzira ku Cuba, mverani za ndalama musanakwere ndege

Abale anga a ku Kasungu amene mwapeza malo a sukulu ya udokotala ku Cuba, za pasipoti, viza ndi mapepala a kuchipatala mukudziwa kale koyenda. Nkhani imene idzakulizeni ndi ya ndalama.

Chilumbachi chili pa makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Florida, ndipo America inachitsekera malonda mu 1962, nthawi ya John F. Kennedy. Mu 1992 anaika lamulo loti sitima yokocheza ku Cuba idikire masiku 180 isanalowe padoko la America. Mu 1996 lamulo lina la America, la Helms-Burton, linayamba kuopseza ngakhale makampani a mayiko ena ochita bizinesi ku Cuba. Mu Januwale 2021 anaibwezera Cuba pamndandanda wa mayiko othandiza zigawenga, ndiye mabanki ambiri akangoona dzinalo papepala manja amanjenjemera. Inu muziti ndi ndale za akuluakulu, koma zimathera m'thumba mwa mwana wasukulu.

Ine ndili pa sukulu ku Havana, likulu la Cuba, bambo anga atagulitsa fodya ku Chinkhoma anapita kwa mkulu wina pa boma, wa kaofesi kogulitsa matikiti a ndege, amene ankadzitama kuti amatumiza ndalama kulikonse padziko. Anawalonjeza kuti madola andipeza ku Havana sabata isanathe. Chimene sanawauze, kapena sankachidziwa n'komwe, n'chakuti madola akamayenda pakati pa mabanki amadutsa ku banki ya ku America, ndipo kumeneko anangowagwira.

Munthu wamkulu, wothyola fodya ndi manja ake, ankachoka kumudzi pa kabaza kukangouzidwa kuti "bwerani mawa, madala, netiweki yavuta." Wa kaofesi uja atatopa n'kunama anasintha nyimbo, ati ndi za azungu, iye sizikumukhudza. Nanga komishoni? Anali atadya kale. Zotsalazo zinabwerera mochedwa, zitadulidwadulidwa, ine uko ndikukongola ndalama ya sopo kwa anzanga a ku Angola. Mpaka lero kaofesiko kakadali kotsegula, ndipo makolo ena akulowabe.

Ndiye tamverani. Aliyense wokuuzani kuti kutumiza ndalama ku Cuba n'kosavuta, mufunseni idutsa kuti, ndipo ikagwidwa abweza ndani. Akayamba kuzungulira, tulukani. Nyamulani ma euro m'manja. Makhadi a mabanki a ku America sagwira ntchito kumeneko, PayPal iwalani, ndipo Western Union inatseka mu Novembala 2020, kuchokera apo yakhala yotsegulatseka. Makolo akafuna kukuthandizani, apatsire wophunzira mnzanu wobwerera ku holide, amene kwawo mukukudziwa.

Musanene kuti kuzima kwa magetsi tinazolowera kwathu. Mu Okutobala 2024 makina opangira magetsi a Antonio Guiteras ku Matanzas atafa, chilumba chonse chinada. Tengani tochi ya sola ndi power bank. Panado, sopo, mankhwala otsukira m'kamwa, ndi mapadi kwa achemwali, longedzani zambiri m'malo mwa nsapato zachionetsero, chifukwa mashelefu nthawi zambiri amakhala mbee. Simu khadi mukagula ku ETECSA, kampani ya boma ya mafoni.

Ndipo za ndale tsekani pakamwa, chonde. Anthu ambiri amene anachita zionetsero pa 11 Julaye 2021 anamangidwa, eni dziko amenewo. Inu mlendo wa viza ya sukulu, musalembe zonyoza boma lawo pa Facebook, ngakhale m'Chichewa.