Momwe mungatetezere chimanga ku mbozi musanathamangire mankhwala

Chibwerereni ntchemberezandonda zachilendozi m'nyengo ya 2016/2017, ambiri kuno ku Zomba tikangoona tsamba lobooka timathamangira kukagula mankhwala a cypermethrin. Mtima umandiwawa ndikaona bambo akupopera opanda chophimba kukamwa, mwana ali pambuyo ndi ndowa yamadzi. Mankhwalawo amapha ndi nyerere, mavu ndi akangaude omwe amatidyera mbozizo kwaulere, ndipo otsala amakokoloka kukalowa mu Likangala mpaka kunyanja ya Chilwa. Yesani kaye izi.

Yambani ndi kuyendera munda, kawiri pasabata chimanga chikangomera, m'mamawa mame asanakamuke. Musangoyang'ana m'mphepete ayi. Lowani mkati mokhotakhota, imani malo asanu, paliponse onani mbewu khumi. Tembenuzani masamba. Mazira a mbozizi amakhala pamulu, 100 mpaka 200, okutidwa ndi tiubweya totuwa. Afinyeni ndi zala pomwepo, mwapha mbozi zambirimbiri osawononga tambala. Mboziyo muizindikira ndi chilembo cha Y chozondoka pamutu ndi timadontho tinayi chakumchira. Mukaona ndowe zonga utuchi pansonga, dziwani kuti mwiniwake ali mkati.

Mwaipeza? Tapani dothi louma kapena mchenga, sakanizani ndi phulusa pang'ono, thirani kamtsina mkati mwa nsongamo. Phulusa lisachuluke, limawaula masamba anthete. Amayi ambiri amawiritsa usipa kapena bonya nkuwaza msuziwo pachimanga; fungo limaitana nyerere, nyererezo nkumakoka mbozi.

Zikapitirira, ombwe alipo, ena amati mthuthu. Thyolani masamba, yanikani pamthunzi, sinjani mumtondo womwe simusinjiramo chakudya. Magalamu 100 a ufawo muviike mu lita imodzi yamadzi usiku wonse, muikemo kachidutswa ka sopo kuti mankhwala amatirire pamasamba. Kukacha sefani ndi kansalu, koma kupopera dikirani madzulo, chifukwa dzuwa limapha mphamvu yake. Lunjikani pansonga. Masamba a nimu amakonzedwanso chimodzimodzi. Chonde abale, ombwe amapha nsomba. Musatsukire sipuleya mumtsinje kapena pafupi ndi damu, ndipo musambe m'manja mukamaliza.

Koma nkhondo yeniyeni imapambanidwa pobzala. Bzalani ndi mvula yoyamba yokwanira, pamodzi ndi anzanu oyandikana nawo minda, chifukwa chimanga chochedwa ndicho chimatsala chanthete chokha mbozi zitachuluka. Musasiye kusakaniza nandolo, khobwe ndi maungu monga ankachitira makolo athu. Munda wosakaniza umasunga tizilombo todya tinzake. Ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Makoka, kufupi ndi Thondwe, akatswiri akhala akulima chimanga pamodzi ndi mitengo yobwezeretsa chonde ya gliricidia kwa zaka zambiri, ndipo nthaka yodya masamba ake imabereka chimanga champhamvu, chotha kuphukiranso chikalumidwa.

Ngati mungapeze mbewu ya desmodium, chomera cha m'gulu la nyemba, ibzaleni pakati pa mizere, nsenjere muzungulize m'malire. Njirayi inachokera ku bungwe lofufuza za tizilombo la icipe ku Kenya: fungo la desmodium limathamangitsa agulugufe oikira mazira, mizu yake nkumafooketsa kaufiti. Mbewuyi imasowa, choncho funsani alangizi a kwanuko nthawi ikadalipo.

Mukayendanso mutachita zonsezi nkupeza mbewu zoposa khumi mwa makumi asanu zili ndi mbozi zamoyo, pamenepo pitani kwa alangizi akuuzeni mankhwala oyenera ndi mulingo wake. Valani zodzitetezera, ana akhale kunyumba.