Mmene mungasamalire diso akakuchotsani ng'ala, makamaka kumbuyo kwake komwe sitikuonako

Munthu akachotsedwa ng'ala, mawa lake akamatula bandeji ija nkuona kuwala amangoti basi zatheka, ndipo chimwemwecho nchomveka, ena amakhala atatha zaka osaona nkhope za adzukulu awo. Koma diso limakhala lisanapole, ndipo ine komwe kumandidetsa nkhawa ndi kumbuyo kwake, komwe simungakuone olo mutayang'ana pagalasi.

Kumbuyoko kuli retina, kachikopa komwe kamalandira chithunzi cha zomwe tikuona, ndipo kuseri kwake kuli kenanso kodzadza timitsempha ta magazi komwe madokotala amati choroid, ndikamene kamadyetsa retina yo. Kali ngati chinkhupule cha magazi, kukhuthala kwake nthawi zambiri sikufika olo theka la milimita, ndipo munthu akamakalamba kamanka kapyapyala. Opaleshoni ya ng'ala olo iyende bwinobwino diso limatupabe mkati poti lachekedwa, timitsempha tija timafufuma, nde akajambula ndi makina ounikira mkati mwa diso otchedwa OCT kawirikawiri amapeza kuti choroid yakhuthalako pang'ono m'masabata oyamba mpaka miyezi ingapo. Zimenezo pazokha sizoopsa, simumva nkomwe. Choopsa nchoti kutupa komweko kukapitirira madzi amatha kusonkhana pakati penipeni pa retina, pa macula, pomwe timaonera zilembo ndi bowo la singano, ndipo izi sizibwera tsiku loyamba ayi, zimakonda kubwera pakatha masabata 4 mpaka 12, nthawi yomwe ambiri anasiya kalekale mankhwala.

Nde yambirani ku chipatala konko musanatuluke. Kaya ndi pa Zomba Central kaya kwina, auzeni adokotala ngati muli ndi shuga kapena diso limenelo linadwalapo kale, chifukwa otere ndi omwe macula imawatupira kwambiri. Apempheni alembe mu buku lanu la kuchipatala kuti mankhwala odontheza ndi kangati patsiku, mpaka liti, komanso tsiku lobwerera. Ngati ndi agogo, mdzukulu yemwe azikawadontheza kunyumba akhale pompo amve yekha.

Kudontheza kwake ndi apa ambiri timalakwitsa. Sambani m'manja ndi sopo, khutchumulani botolo, gonekani mutu chagada, kokerani chikope cham'munsi pansi nkudontheza dontho limodzi basi, nsonga ya botolo isakhudze diso kapena nsidze. Kenako tsinzinani mphindi imodzi kapena ziwiri. Akakupatsani mabotolo awiri dikirani mphindi 5 musanadontheze lachiwiri, apo bii lachiwirilo limangotsuka loyamba lija. Botolo lina limakhala lopha tizilombo, lina lochepetsa kutupa ngati dexamethasone kapena prednisolone, ndipo lachiwirili ndi lomwe likugwira ntchito kumbuyo kuja, amalichepetsa pang'onopang'ono osati kungolisiya poti diso layera. Komanso likatha musakagule lina panokha ku famase nkumangodontheza miyezi, mankhwala amenewa amatha kukweza presha ya m'diso mwakachetechete mpaka kuononga mtsempha woonera.

Pakhomo, sabata yoyamba madzi ndi sopo zisalowe m'diso, pukutani kumaso ndi kansalu koyera basi. Osatikita, usiku valani chotchinga chija anakupatsani. Amayi apume kaye kuphika pa nkhuni, kupeta ndi kusenza ndowa, abambo khasu lidikire masabata angapo, ndipo mukakwera kabaza m'misewu yafumbi ya ku Chikanda kapena ku Sadzi valani magalasi akuda. Madzi azitsamba, mkaka wa m'mawere, shuga wosungunula, zonsezi chonde zisayandikire diso lomwe lili ndi bala, ndikupemphani ndithu, maso ambiri awonongeka nazo.

Pali kamayeso komwe mungamachite nokha kamodzi pa sabata mpaka miyezi 3 ikwane. Phimbani diso lomwe sanachite opaleshoni ndi chikhatho, linalo yang'anani chinthu chowongoka, mphuthu ya chitseko kapena mizere ya pa kalendala, muime malo omwewo nthawi zonse. Mukaona mizere ikupindika, kapena pakati pali chifunga pomwe sabata yatha pamaoneka bwino, pitani sabata yomweyo osadikira tsiku lomwe analemba. Macula yotupa ikapezeka msanga nthawi zambiri imaphwa ndi mankhwala odontheza, pena amaonjezera ena ngati diclofenac kapena ketorolac, ikakanika amabaya jakisoni. Akakutumizani ku Blantyre ku chipatala cha maso cha Lions ku Queens musazengereze.

Zina sizodikira olo tsiku limodzi. Diso likayamba kupweteka kwambiri, kufiira, kutuluka mafinya, kuona nkumachepa m'masiku oyambirira, mwina mwalowa tizilombo mkati ndipo diso limatha kufa m'masiku ochepa. Chimodzimodzi mukamaona ngati mphenzi zikung'anima, timadontho takuda tochuluka mwadzidzidzi, kapena mdima ukubwera kuchokera mbali imodzi, retina ikhoza kukhala ikumatuka. Nyamukani tsiku lomwelo.

A shuga pitirizani mankhwala anu ndi kuyezetsa, a BP chimodzimodzi, timitsempha ta kumbuyo kwa diso timavutika nazo kwambiri zimenezi.

Za kubwerera, nthawi zambiri amakuonani mawa lake, kenako pakatha sabata imodzi kapena awiri, kenako cha m'masabata 6. Ulendo wachitatuwu ndi womwe anthu a kutali ngati ku Jali, Mayaka kapena Chingale amaudumpha poti thiransipoti yakwera ndipo diso likuona, koma ndi nthawi yomwe kutupa kwa kumbuyo kumaonekera komanso amayeza presha ya m'diso. Abale sonkheranitu ndalama ya minibasi tsiku lomwe akutuluka muisunge padera. Magalasi owerengera dikirani akuyezeni pa ulendo umenewu, mukagula a mumsika msanga nambala yake imakhala isanakhazikike.