Momwe mungawerengere nthawi ya ulendo wa pandeke kuchoka ku Chipata kupita ku Lusaka

Ena akamva kuti ndeke ya ku Mfuwe imafika ku Lusaka m'ola limodzi ndi mphindi zochepa, amaganiza kuti akadya nsima ku Kapata, kuno ku Chipata, masana, tiyi wa 3 koloko akamwera ku Lusaka. Masamu ake sayenda choncho.

Yambani ndi bwalo lomwe mukakwerere. Ndeke za Proflight Zambia zimatera ku Mfuwe chifukwa cha alendo okaona nyama ku South Luangwa, ndiye ife a ku Chipata timakwerera komweko. Pa tikiti bwalo lililonse lili ndi zilembo zitatu: MFU ndi Mfuwe, LUN ndi Kenneth Kaunda ku Lusaka, LLW ndi Kamuzu ku Lilongwe. Awiri omalizawa muwayang'anitsitse musanalipire.

Kenako pezani mtunda wa mumlengalenga. Tsegulani Google Maps pafoni, dinani pa bwalo la Mfuwe osachotsa chala, sankhani "Measure distance", n'kukokera mzere mpaka bwalo la Lusaka. Mupeza makilomita pafupifupi 440. Musatengere mtunda wa msewu: kuchoka ku Chipata, Great East Road ndi makilomita ngati 570, poti imadzera ku Katete ndi Petauke n'kumakhotakhota m'mapiri a kufupi ndi mlatho wa Luangwa.

Mtundawo muugawe ndi liwiro. Ndeke za mapulopela zoyenda maulendo afupiafupi ngati awa zimathamanga makilomita pafupifupi 500 pa ola, ndiye 440 ikupatsani mphindi 50 ndi kakuti. Onjezani mphindi 20 za kuyenda pansi, kukwera m'mwamba ndi kutsika. Apo mwafika pa ola ndi mphindi zochepa zija.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa nazo: ola limenelo ndi la ndeke, osati lanu. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Mfuwe ndi makilomita opitirira 100, muikepo maola awiri, makamaka nthawi ya dzinja. Pabwalo mufike kutatsala ola kuti ayeze katundu. Mukatera ku Lusaka, tauni ili makilomita oposa 20, ndipo madzulo magalimoto amachita kukwawa. Mukaphatikiza zonse ndi maola asanu kapena kuposa. Basi imatenga asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi, koma mtengo wake ndi wochepa kwambiri. Ine ndikakhala ndi thumba la mtedza la achibale, ndimakwera basi.

Ngati mukupita kunja, yerekezaninso ndi Lilongwe, yomwe ili pafupi nafe kudzera pa chipata cha Mwami. Ndipo nthawi yofikira yolembedwa pa tikiti ndi ya komwe mukutera. Johannesburg wotchi ndi imodzi ndi yathu, koma Nairobi ndi Addis Ababa ali patsogolo ndi ola limodzi, choncho chotsani olalo musanawerenge maola omwe mukhale m'ndeke.